Cofunda ca zigamba cili ndi mwini wace

Ku dziko la America, m'cigawo ca kumwera cochedwa Alabama, kuli kamudzi ka anthu akuda kamene mtsinje waukulu unakazinga mbali zitatu. Pa mapepala a boma kamudziko kanalembedwa Boykin, koma eni ace ndi anthu ena onse akadziwa ndi dzina lakuti Gee's Bend, ndiko kunena kuti pokhota mtsinje pa Gee. Anthu ace ndi mazana ocepa cabe, ndipo dera la Wilcox, m'mene muli mudziwu, liwerengedwa pakati pa madera osauka koposa m'dziko lolemeralo. Komabe zofunda zimene azimai a kumeneko anasoka ndi manja, polumikiza zigamba za zobvala zakutha, lero zimapacikidwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku New York, ku Washington ndi m'mizinda ina, ndipo anthu ophunzira amaima nthawi yaitali kuziyang'ana.

Ulemu umenewu ndi woyenera, ndipo unacedwa kufika. Koma kutamanda nchito ya manja a mkazi ndi cinthu capafupi. Cobvuta ndico kuchula dzina la amene anaigwira, kumva zimene iye mwini anena za nchitoyo, ndi kumlipira mtengo wace. Zimenezi zikasowa, citamando cimasanduka njira yaulemu yomlanda cinthu cace. Mbiri ya azimai a ku Gee's Bend ionetsa zonse ziwiri, ulemu ndi kulanda, zikuyendera pamodzi, ndipo nthawi zina zikucokera m'dzanja limodzi.

Mudziwu unayamba ndi ukapolo. M'caka ca 1816 mzungu wina dzina lace Joseph Gee anafika kucokera ku North Carolina natsegula munda waukulu wa thonje pokhota mtsinjepo, olima ace ali akapolo. Mu 1845 mundawo unalowa m'manja mwa Mark Pettway, amene pambuyo pace anasamukirako ndi akapolo pafupifupi 100. Iwowa anayenda pansi ulendo wonse, mtunda woposa makilomita 1,000. Ukapolo utathetsedwa mu 1865 ambiri a iwo analibe kopita. Anatsala pa nthaka yomweyo namalima minda ya eni, akukhala m'ngongole caka ndi caka. Dzina la mbuye wao linawakanirira, kotero kuti kufikira lero mabanja ambiri a ku Gee's Bend ndi a Pettway, cinkana sali onse a magazi amodzi. Anthu awa anadziwa kalekale kuwawa kwa kutaya dzina.

Alimi a thonje a ku Petauke, Katete ndi Lundazi adziwa cimene cimaoneka pamene mtengo wagwa ngongole ya mbeu ndi mankhwala isanabwezedwe. Ku Gee's Bend cinaoneka mu 1932. Mtengo wa thonje unali utagwa m'dziko lonse, ndipo wasitolo wa m'tauni ya Camden, tsidya lina la mtsinje, amene anali kukongoza alimiwo mbeu, ufa ndi zipangizo, anamwalira. A banja lace anatuma anthu kukatenga ngongole. Anthuwo anaoloka mtsinje nasesa mabanja oposa 60, kutenga ziweto, nkhuku, makasu, mapulao ndi cakudya ca m'nkhokwe comwe. M'nyengo ya cisanu yotsatira mudzi unapulumuka ndi ufa wa bungwe la Red Cross. Mu 1937 boma la America linagula nthakayo, linamanga nyumba zatsopano, ndipo m'zaka za m'ma 1940 linagulitsa minda kwa mabanja amene anailima kuyambira pa makolo ao. Ici ndico cinasunga mudzi: anthu anakhala ndi pao, ndipo luso la kusoka linapitirira kucoka kwa agogo kufika kwa adzukulu pa malo amodzi.

Cisanu ca ku Alabama cimaluma. Nyumba zakale za kumeneko zinali za mitengo, zokhala ndi mipata yolowera mphepo, ndipo zithunzi zimene wojambula wa boma Arthur Rothstein anajambula mu 1937 zionetsa zipupa zomatidwa ndi masamba a nyuzipepala. Ndalama yogulira bulangete kunalibe. Mkazi wa ana asanu ndi atatu kapena khumi anafunika zofunda zambiri, zina zofunda, zina zoyala pansi, ndipo anazipanga ndi zimene zinali m'nyumba.

Cofunda cotere cili ndi mbali zitatu. Pamwamba pali nsalu ya zigamba zolumikiza. Pakati amaikapo thonje lotsala, atalipuntha kuti lifewe ndi kucoka zinyalala. Pansi amayalapo nsalu ina, kawirikawiri ya matumba a ufa kapena a feteleza ocapa bwino. Nsalu ya pamwamba mkazi anali kuisoka yekha madzulo atacoka kumunda, monga mwa maganizo ace. Koma kuphatikiza mbali zitatuzo ndi ulusi inali nchito ya gulu, monga dima la kumunda. Thonje litakololedwa azimai anali kuyendera nyumba ndi nyumba, kutambasula cofunda pa mitengo, ndi kusoka akuimba nyimbo za m'chalichi. Kasokedwe kanali ndi maina ace. Kamene anakakonda koposa amakacha denga la nyumba, cifukwa mizere yace imazungulira cigamba ca pakati monga momwe mitengo ya denga imaonekera kwa munthu wogona cagada. Koma ambiri sanafune kutsata zitsanzo za m'mabuku. Anati asoka mwa njira yao, ndipo mzere ukakhota anali kuusiya ukhote, nsalu yofiira ikatha anali kupitiriza ndi yakuda.

Amene afuna kudziwa cifukwa cace zofunda izi zichedwa mbiri ya azimai ayang'ane ca Mai Missouri Pettway, cosokedwa mu 1942. Amuna ao, a Nathaniel, anadwala miyezi yambiri namwalira. Mwana wao wamkazi, Arlonzia, anasimba pambuyo pace kuti amai ace anatenga zobvala za kumunda za malemuwo, mabuluku ndi malaya, nazing'amba kuti asoke cofunda cowakumbukira naco ndi kufunda usiku. Cofundaco cilibe maluwa kapena cithunzi ca munthu. Cili ndi nsalu zotuwa, zobiriwira ndi zofiira pang'ono, ndi madontho amene sopo sanathe kucotsa. Zofunda zambiri za mtundu uwu zili comweco: pamene panali bondo la buluku nsalu inayera ndi kupyapyala, pamene anasomolapo thumba nsalu ikali yakuda monga inacokera kusitolo. Munthu wodziwa khasu akaona zigamba zotere amawerenga zaka za kugwada m'mizere ya thonje popanda womuuza. Akapolo ndi ana ao sanasiye makalata kapena mabuku, cifukwa lamulo linaletsa kuphunzitsa kapolo kulemba, ndipo ufulu utafika ana anali kucotsedwa kusukulu kukathandiza kumunda. Cimene azimai anasiya ndi ici.

Pali cizolowezi pakati pa anthu a m'tauni cokamba za luso la kumudzi ngati kuti onse olicita anali kusekerera. Mai Loretta Pettway, amene zofunda zao ziwerengedwa pakati pa zokongola koposa, ananena poyera kuti ali mtsikana sanakonde kusoka konse. Anali wotopa ndi nchito ya kumunda ndi ya pakhomo, koma agogo ao anawakakamiza, ndipo atakwatiwa anasoka cifukwa nyumba inali yozizira. Mau otere ayenera kuima pambali pa cofunda, cifukwa kulemekeza moyo wa mkazi kufuna kuti kutopa kwace kuchulidwenso. Wogula amene afuna mitundu yowala koma safuna kumva za ngongole, za cisanu ndi za sukulu yosiyidwa pa njira, ameneyo akonda nsalu cabe.

Ndipo azimaiwa sanali anthu a singano yokha. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 anthu a ku Gee's Bend anayamba kuoloka mtsinje pa combo kunka ku Camden kukalembetsa maina kuti aziponya voti, cinthu cimene azungu a m'deralo analetsa anthu akuda kwa zaka zambiri. Mu 1962 akuluakulu a dera anaimitsa comboco. Tauni imene inali pafupi, tsidya lina cabe, inasanduka ulendo wa ola lathunthu pa galimoto, m'mudzi umene magalimoto anali owerengeka. Cipatala, masitolo ndi maofesi a boma zonse zinali ku Camden. Combo sicinabwerere kufikira 2006, patapita zaka 44. Mu 1965 mbusa Martin Luther King, yemwe uja a Kenneth Kaunda anakamcezera ku Atlanta mu 1960 Zambia asanalandire ufulu, anafika ku Gee's Bend nalalikira m'chalichi ca m'mudzimo, ndipo ambiri mwa azimai osoka anaguba nao m'maulendo ofuna voti. Ena anamangidwa, ena a m'midzi yozungulira anacotsedwa pa minda ya eni. Ataphedwa mbusayo mu 1968, bokosi lace linanyamulidwa pa ngolo yokokedwa ndi nyuru ziwiri, zimene anthu a ku Gee's Bend amanena monyadira kuti zinacokera kwao.

M'masiku omwewo zofunda zinayamba kubweretsa ndalama. Wansembe wina wacizungu, Francis Walter, anaona zofunda zoyanikidwa pa cingwe m'dera la Wilcox, nayamba kuzigula pa madola 10 cimodzi ndi kukazigulitsa ku New York, phindu lace akulibweza kwa osoka. Mu 1966 azimai anakhazikitsa bungwe lao la cigwirizano lochedwa Freedom Quilting Bee, lotsogozedwa kwa zaka zambiri ndi Mai Estelle Witherspoon, pafupi ndi Gee's Bend. Mu 1969 anamanga nyumba yao yosokeramo. Kwa ambiri aka kanali koyamba kulandira malipiro a pa nthawi yace, ndipo ndalamazo zinalowetsa madzi m'nyumba ndi kuphunzitsa ana. Palibe amene angapeputse zimenezo.

Koma msika unali ndi zofuna zace. Masitolo akuluakulu, monga Bloomingdale's ya ku New York, anafuna kuti zofunda zifanane, muyeso ukhale umodzi, misoko iwongoke. Kasokedwe ka njira ya mwini kanaoneka ngati kulakwa, ndipo nchito ya ena inabwezedwa. Mu 1972 bungwelo linapangana ndi sitolo ya Sears kusoka zobvalika mitsamiro za nsalu yokhuthala ya mizeremizere yochedwa corduroy, zikwi ndi zikwi zofanana. Codabwitsa ndi ici: zidutswa zotsala pa nchitoyo azimai anali kupita nazo kunyumba, ndipo usiku anasoka nazo zofunda za iwo eni, mwa njira yao. Zobvalika mitsamiro zija zinatha ndi kuiwalika. Zofunda za zidutswa zotsala ndizo zili m'nyumba zoonetseramo zaluso lero. Makalabu a azimai amene amauzidwa ndi ogula kuti apange zinthu zofanana ngati za pamakina angacite bwino kukumbukira nkhani imeneyi, cinkana njala siilola munthu kukana oda. Bungwelo linatsekedwa mu 2012.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, anatero akale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 William Arnett, mzungu wa ku Atlanta wosonkhanitsa zaluso za anthu akuda a kumwera, anaona m'buku la wojambula Roland Freeman cithunzi ca cofunda ca Mai Annie Mae Young coyanikidwa pa mulu wa nkhuni. Anafunafuna kufikira anapeza nyumba yao. Nthawi imeneyo zofunda zakale sizinali kuwerengedwa kanthu m'mudzimo. Zina zinali pansi pa matiresi, zina zinali kuochedwa kuti utsi wace uthamangitse udzudzu. Arnett ndi ana ace anayenda khomo ndi khomo nagula mazanamazana a zofunda, ndipo anthu anadabwa kuona munthu akupereka ndalama pa nsanza.

Mu 2002 zofunda ngati 70 zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ya ku Houston, kenaka ku Whitney Museum ya ku New York, ndi m'mizinda ina yambiri. Wolemba za luso wa nyuzipepala ya New York Times anaziika pakati pa nchito zodabwitsa koposa za luso la makono zimene America anaturutsa, naziyerekeza ndi zojambula za Matisse ndi Klee, akatswiri a ku Ulaya. Iye anafuna kutamanda, koma ciyerekezoco cili ndi cilema. Azimai a ku Gee's Bend sanaphunzire kwa Matisse. Anaphunzira kwa amai ao, azakhali ao ndi agogo ao, m'mzere wofika ku masiku a ukapolo, ndipo nchito yao siifuna mboni ya ku Ulaya kuti ikhale yokongola. Mu 2006 positi ofesi ya America inasindikiza masitampa khumi a zithunzi za zofundazo. Mu 2018, pamene cithunzi ca Mai Michelle Obama cinaonetsedwa ku Washington, wojambula wace Amy Sherald anati diresi la m'cithunzimo linamkumbutsa zofunda za ku Gee's Bend.

Pa cinthu cimodzi Arnett ayenera kuyamikidwa kopanda kaduka. Iye ndi anzace sanapacike zofundazo ndi kapepala kongonena kuti nchito ya anthu akuda a ku Alabama. Analemba dzina la wosoka aliyense, anajambula mau a azimaiwo nawasindikiza m'mabuku akuluakulu, ndipo azimai eni anakwera basi kunka ku zionetsero, kumene anaima pambali pa nchito zao ndi kuimba nyimbo zao. Ndi cifukwa cace lero maina a Mary Lee Bendolph, Lucy Mingo, Annie Mae Young ndi ena adziwika. Popanda mlendoyo zofunda zambiri zikanathera pa moto wa udzudzu.

Komatu kalumo kakuthwa kamameta ndiponso kamaceka. Zithunzi za zofunda zinayamba kuoneka pa makapeti, pa nsalu za pabedi ndi pa katundu wina wogulitsidwa m'masitolo a anthu olemera, pamene ena mwa osoka anali akali m'nyumba zofuna kukonza. Mu 2007 Mai Annie Mae Young ndi Mai Loretta Pettway anasuma banja la Arnett ndi makampani ena ku khoti, kunena kuti sanalandire gawo loyenera la phindu la nchito zao. Mai wacitatu, Lucinda Pettway Franklin, anasuma pa nkhani ya zofunda ziwiri zakale za banja lao. A Arnett anakana milanduyo, azimai ena ambiri a m'mudzimo anaima kumbali yao, ndipo mu 2008 milandu inatha mwa kumvana kunja kwa khoti, popanda woweruza kunena kuti wolakwa ndi uyu. Mudzi wa anthu ambiri a dzina limodzi unagawikana pa ndalama.

Sikufunika kuyesa munthu mbala kuti cilema ca malonda otere cioneke. Wogula anadziwa kumene cofunda cinali kunka ndi mtengo umene cikanapeza kumeneko. Wogulitsa sanadziwe. Wogula anadziwanso cinthu cina cimene anthu ambiri a kumudzi, kuno ndi kumeneko, sauzidwa: kuti pa lamulo kugulitsa cinthu ndi kwina, kugulitsa cilolezo cosindikiza cithunzi cace pa katundu wina ndi kwinanso, ndipo ndalama zazikulu nthawi zambiri zili pa caciwirico. Pamene mmodzi adziwa zonse ndipo mnzace sadziwa kanthu, ngakhale mtengo woperekedwa ndi mtima wabwino umadzabala madandaulo. Madola amene anaoneka ambiri pa tsiku logula anaoneka ocepa pamene cofunda comweco cinafika pa sitampa.

Nkhani yotere inacitikapo kale m'cigawo coyandikana naco ca Georgia. Mai Harriet Powers, wobadwa mu ukapolo mu 1837, anasoka cofunda ca zithunzi khumi ndi cimodzi za m'Baibulo: Adamu ndi Hava, Kaini ndi Abele, makwerero a Yakobo, ubatizo wa Yesu, Mgonero ndi zina. Anacionetsa pa cionetsero ca alimi mu 1886, ndipo mphunzitsi wina wacizungu, Jennie Smith, anafuna kucigula. Mai Powers anakana. Patapita zaka zinai kapena zisanu umphawi unawapana, ndipo anabwera naco okha. Anachula madola 10, nalandira 5. Koma asanacoke anafotokoza tanthauzo la cithunzi ciliconse, ndipo mphunzitsiyo analemba. Cofundaco cisungidwa lero ku Smithsonian mu Washington, ndipo dzina la Harriet Powers lidziwika cifukwa mai wosaukayo, atagonja pa mtengo, sanagonje pa mau ace. Zofunda zina zambiri za akazi a m'nthawi yace zilipo, koma za eni ace palibe amene adziwa kanthu.

Ku Gee's Bend zinthu zinakonzeka pang'onopang'ono. Mu 2003 azimai anapanga bungwe lao lina, Gee's Bend Quilters Collective, logulitsa zofunda zokhala ndi dzina la wosoka, gawo la ndalama likunka kwa iye ndi gawo lina ku bungwe. Bungwe la Souls Grown Deep, limene Arnett anakhazikitsa mu 2010 kuti lisunge zimene anasonkhanitsa, lakhala likupereka ndi kugulitsa zofundazo ku nyumba zoonetseramo zaluso, ndipo mu 2020, caka cimene iye anamwalira, linalengeza kuti lidzapatsa eni luso magawo 5 pa 100 alionse a ndalama za nchito zao zogulitsidwanso. Kuyambira 2021 ena mwa osoka agulitsa okha pa intaneti, wogula akulipira mwini. Magawo asanu ndi ocepa. Koma abvomereza mfundo imene ogula akhala akuikana kwa zaka zambiri, yakuti dzanja limene linapanga cinthu likali ndi gawo pa ico ngakhale citacoka pakhomo.

Kum'mawa kwa Zambia azimai aumba mbiya, nkhali ndi mitsuko, azira nyumba ndi kulemba zipupa ndi dothi la mitundumitundu, atunga mikanda, aluka madoilo ndi kulumikiza zidutswa za citenje. Zambiri mwa izi zimathera pakhomo monga zinayenera, koma zina zimakwera galimoto. Mbiya ikafika m'tauni imachedwa ya Acewa kapena ya Ansenga, ndipo m'nyumba zosungiramo zakale za ku Ulaya muli zinthu zambiri za mu Africa zimene kapepala kace kachula mtundu wa anthu ndi dzina la mzungu amene anazitenga, koma dzina la woumba kapena woluka palibe. Mpata umenewu ndi umodzi mwa zimene Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe anafuna kutseka pamene anayambitsa Women's History Museum of Zambia mu 2016, kuti mbiri ya akazi a dziko lino ndi nchito za manja ao zilembedwe.

Ena adzati kulemba dzina pa mbiya ndi kudzikuza, popeza luso ndi la makolo ndipo woumba anangolandira kwa agogo ace. Mauwa ali ndi coona cace, ndipo azimai a ku Gee's Bend naonso amachula amene anawaphunzitsa asanachule za iwo eni. Koma m'mudzi mbiya siikhala yopanda mwini. Mkazi aliyense wopita kudambo adziwa kuti mtsuko uwu unaumbidwa ndi aNaphiri, uwo ndi aNabanda, pakuona khosi lace ndi mphini zace, ndipo adziwa amene mbiya zace sizisweka pa moto. Dzina limatayika pamene cinthu caoloka malire a mudzi, ndipo wopindula ndi kutayikako si makolo ai, koma wogulitsa wa pakati, amene angathe kugula kwa aliyense pa mtengo wotsika popeza wogula wa kutali sadziwa wofunsa.

Zofunika kucita sizifuna ndalama. Woumba angathe kudinda cizindikiro cace pansi pa mbiya isanaochedwe, ndipo wosoka angathe kusokerera dzina ndi caka pa ngondya ya nsalu. Mlembi wa kalabu ya azimai, amene alemba kale za zopereka ndi za misonkhano, angasunge buku lina lolembamo amene anapanga cinthu, tanthauzo la zolembapo zace monga mwini alinena, amene anacigula ndi mtengo wace. Wogula wobwera ndi kamera afunsidwe kumene zithunzi zipita, ndipo ngati afuna kuzisindikiza pa katundu, pangano lilembedwe m'cinenero cimene mwini amva, pamaso pa mboni. Mtengo upanganidwe ndi gulu wogula asanafike, cifukwa mkazi mmodzi wokhala ndi mwana wodwala m'nyumba sangalimbe pa mtengo, monga Mai Powers sanalimbe. Alangizi a za citukuko ndi a makoparetivu, amene aphunzitsa kale za kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndiwo ayenera kufikitsa mau awa ku makalabu, ndipo mafumu ali ndi mphamvu yofunsa mlendo aliyense wogula zinthu zakale m'mudzi kuti ndani, ndipo apita nazo kuti.

Ku Gee's Bend zonsezi zinafika ambiri mwa osoka atapita kale. Magawo asanu aja analonjezedwa kwa eni luso amene ali moyo. Mai Missouri Pettway anamwalira mu 1981, zaka 21 cionetsero ca ku Houston cisanatsegulidwe.